Kufotokoza za mzinda wa Edinburgh pogwiritsa ntchito zithunzi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kwa munthu amene wapemphedwa kukaima pamaso pa anthu, kaya kusukulu, kutchalitchi kapena pamsonkhano wa bungwe, kuti afotokoze za Edinburgh, likulu la Scotland, uku akuonetsa zithunzi pakhoma. Ena mwa inu munafikako ndipo muli ndi zithunzi zanu. Ena mukudalira zithunzi zojambula anthu ena. Mayankhowa athandiza onse.

Mzindawu uli ndi zambiri zoti n'kunena. Ndiyambire pati?

Yambirani pa nthaka imene mzindawu unakhalapo. Anthu ambiri amathamangira mayina a mafumu ndi zaka, ndipo mphindi 10 zisanathe omvera amakhala atasokera.

Linga lotchedwa Edinburgh Castle linamangidwa pathanthwe lolimba kwambiri, chotsalira cha phiri lomwe linkalavula moto zaka pafupifupi 350 miliyoni zapitazo. Pambuyo pake madzi oundana okhuthala anadutsa dera lonselo kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa, akukokolola nthaka yofewa. Thanthwe lija linawakanika. Choncho nthaka imene inali kuseri kwake, mbali ya kum'mawa, inatsala ngati mchira wautali wotsetsereka, pomwe kumpoto ndi kumwera kunakumbika zigwa. Pamsana pa mchira umenewo ndi pamene padutsa msewu wa Royal Mile, wa makilomita pafupifupi 1.8, kuchokera kulinga kukafika kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Timisewu topapatiza timatsika mbali zonse ziwiri ngati minga ya nsomba.

Omvera akangoimvetsa mfundo imeneyi, zina zonse zimalowa m'malo: chifukwa chimene nyumba zinatalikira, chifukwa chimene misewu ina imadutsa pamwamba pa inzake, ndi chifukwa chimene anthu anadzamangira mzinda wachiwiri kutsidya kwa chigwa. Ndiye chithunzi choyamba chikhale cha mzinda wonse kuchokera pamtunda, chachiwiri chikhale mapu osavuta oonetsa thanthwe, mchira ndi zigwa ziwirizo.

Ndikonze zithunzi zingati?

Ngati mwapatsidwa mphindi 45, konzani zithunzi zapakati pa 35 ndi 45, ndipo musiye mphindi 10 za mafunso. Sikuti chilichonse chitenga nthawi yofanana. Zithunzi 6 kapena 8 ndizo nsanamira za nkhani yanu, ndipo pa chilichonse mwa izo muimepo mphindi 2 kapena 3. Zina zingodutsa masekondi 20 kuti anthu aone kuti mwachoka pano mwafika apo.

Amene wabwera ndi zithunzi 150 amayamba modekha, kenako akaona wotchi amangodina mothamanga, ndipo gawo lomaliza, lomwe nthawi zambiri limakhala lokoma, limawonongeka. Posankha, dzifunseni kuti chithunzi ichi chikuyankha funso lanji. Ngati palibe, chichotseni ngakhale chitakhala chokongola.

Ndizisanje motani?

Zisanjeni ngati mukuyenda ndi omverawo wapansi. Yambirani pamwamba, kulinga, n'kutsika Royal Mile motsatira mayina a zigawo zake: Castlehill, Lawnmarket, High Street, Canongate, mpaka Abbey Strand pakhomo pa Holyroodhouse. Mukafika kumunsi, onetsani nyumba ya malamulo ya Scotland yomwe inatsegulidwa mu 2004, ndi phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, lomwe laima kumbuyo kwake. Kenako kwerani kaphiri ka Calton Hill, muyang'ane mzinda wonse, mulowe New Town, mzinda wachiwiri uja, ndipo mutsirizire m'munda wa Princes Street Gardens mukuyang'ana thanthwe limene munayambirapo.

Bwezani mapu aja kanayi kapena kasanu, nthawi iliyonse muli ndi kadontho kofiira pamene mwafika. Musasanje zithunzi motsatira masiku amene munazijambula. Dongosolo limenelo limamveka kwa inu nokha.

Za linga ndinene ziti, ndisiye ziti?

Zinayi zikukwana. Choyamba ndi katchalitchi ka St Margaret's Chapel, nyumba yakale kuposa zonse mumzindamu, komwe Mfumu David I inamanga cha m'ma 1130 pokumbukira mayi ake. N'kakang'ono moti anthu 20 amadzaza. Chachiwiri ndi mzinga wa Mons Meg, wolemera matani pafupifupi 6, womwe unaperekedwa kwa Mfumu James II mu 1457. Ujambuleni pali munthu pambali, apo ayi kukula kwake sikudziwika. Chachitatu ndi kachipinda komwe Mary, Mfumukazi ya Scotland, anaberekeramo James VI mu 1566, mwana amene mu 1603 anadzakhalanso mfumu ya England.

Chachinayi ndicho anthu amachikonda: mfuti yaikulu yomwe imalira nthawi ya 1 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Fotokozani chifukwa chake. Oyendetsa sitima zapamadzi padoko la Leith ankafuna nthawi yolondola kuti atchere mawotchi awo oyendera panyanja. Poyamba ankayang'ana mpira womwe unkagwetsedwa pansanja ya Nelson Monument pa Calton Hill, koma kukachita chifunga mpirawo sunkaoneka. Ndiye mu 1861 anawonjezera mfuti kuti amene sakuona amve.

M'chipinda chosungiramo chisoti chachifumu cha mu 1540 saloleza kujambula. Musavutike kufuna kuba chithunzi, ingofotokozani ndi pakamwa.

N'chifukwa chiyani nyumba za Old Town, mzinda wakale, zili zazitali chonchi, ndipo ndingazionetse bwanji?

Apa ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa ndi pamene omvera amaona moyo wa anthu. Mu 1513 asilikali a Scotland anagonja koopsa pa nkhondo ya Flodden, mfumu yawo James IV n'kufera komweko. Poopa kuti a England abwera, anthu a mumzindamu anamanga mpanda wa Flodden Wall. Kumpoto kunali kale dziwe lalikulu la Nor Loch. Kwa zaka zoposa 200 mzinda unapanikizika m'kati mwa malire amenewa, anthu akuchulukirachulukira. Posowa kofutukulira, anamanga chokwera, ndipo nyumba zina zinapitirira nsanjika 10.

Olemera ndi osauka ankalowera khomo limodzi ndi kukwera masitepe amodzi. Opeza bwino ankakhala nsanjika zapakati, patali ndi fungo la mumsewu koma posatopetsa kukwera. Osauka ankakhala pansi penipeni ndi pamwamba penipeni. Madzi ankachita kusenza kuchokera kuzitsime za mumsewu. Zonyansa za m'nyumba ankakhuthulira pawindo usiku atafuula kuti "gardyloo" pochenjeza odutsa. Utsi wa malasha unkaphimba mzinda wonse mpaka unapatsidwa dzina loti Auld Reekie, kutanthauza kuti wakale wofuka.

Kuti zimenezi zioneke, mukufunika zithunzi zitatu. China chikhale cha Gladstone's Land pa Lawnmarket, nyumba ya wamalonda ya m'zaka za m'ma 1600. China chikhale cha m'kanjira ngati Advocate's Close, chojambulidwa mutaima pamwamba pa masitepe, makoma akuda atakupanani uku ndi uku, kutsogolo kukuoneka kuwala ndi nsonga ya Scott Monument, nsanja yokumbukira wolemba mabuku Walter Scott. Chachitatu mujambule mutaima pa George IV Bridge mukusuzumira msewu wa Cowgate pansi. Anthu amadabwa kuona kuti pamene amayesa pansi ndi pamlatho, ndipo nyumba yomwe khomo lake lili pamsewu wapamwamba ili ndi nsanjika zina zingapo kumunsi.

Musaiwale kuloza kamera pansi. Pafupi ndi tchalitchi cha St Giles pali mtima wopangidwa ndi miyala ya mumsewu, Heart of Midlothian, pamalo pamene panali ndende ya Old Tolbooth yomwe inagwetsedwa mu 1817, ndipo mpaka lero odutsa ena amalavulirapo. Kuseri kwa tchalitchicho, pamalo oimikapo galimoto a nambala 23, pali chizindikiro cha pamene anaikidwa John Knox, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Scotland, yemwe anamwalira mu 1572. Kumunsi, pamene High Street ithera, timiyala tamkuwa mumsewu tikusonyeza pamene panali chipata cha Netherbow, polekezera mzinda wakale. Tizithunzi totere timakhalitsa m'mutu mwa omvera kuposa nyumba zikuluzikulu.

Nanga New Town, poti dzina lake likuti watsopano?

Auzeni msanga kuti watsopanoyo ali ndi zaka zoposa 250. Mu 1766 mnyamata wina, James Craig, anapambana mpikisano wojambula pulani ya mzinda wa kutsidya kwa chigwa, ndipo pulaniyo inavomerezedwa mu 1767. Ndi yosavuta kuiloza: misewu itatu yowongoka, George Street pakati, Princes Street kumwera, Queen Street kumpoto, ndi bwalo kumapeto konse kuwiri, St Andrew Square kum'mawa ndi Charlotte Square kumadzulo. Dziwe la Nor Loch linaphwetsedwa, ndipo pamalo pake lero pali munda wa maluwa ndi siteshoni ya sitima ya Waverley. Dothi lokumbidwa pamaziko a nyumba zatsopanozo analiunjika m'chigwamo n'kukhala chitunda chotchedwa The Mound, cholumikiza mizinda iwiriyi.

Ikani zithunzi ziwiri pa tsamba limodzi: kanjira kamdima ka Old Town ndi msewu wotakasuka wa George Street. Olemera anasamukira kutsidya, osauka anatsala m'nyumba zakale zija, ndipo anthu amene kale ankakumana pamasitepe analekana. Mizinda iwiriyi pamodzi inalembedwa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1995.

Omvera anga ndi Amalawi. Pali ubale weniweni woti n'kuutchula?

Ulipo, ndipo suchita kufunafuna. M'munda wa Princes Street Gardens, pambali pa Scott Monument, pali chiboliboli cha David Livingstone chomwe anapanga mayi Amelia Hill ndipo chinaimikidwa mu 1876. Watambasula dzanja atanyamula Baibulo. Chaka chomwecho amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre, patangotha chaka chimodzi a Free Church atayambitsa ya Livingstonia mu 1875. Kuti panali mipingo iwiri yotumiza amishoni n'chifukwa cha mpatuko wa mu 1843, pomwe abusa ambiri anatuluka mumsonkhano waukulu wa Church of Scotland m'tchalitchi cha St Andrew pa George Street n'kukayambitsa Free Church. Kwa omvera a CCAP, chithunzi cha tchalitchi chimenecho ndi cha Assembly Hall pa The Mound, komwe kunachitikira msonkhano waukulu wa amishoni a padziko lonse mu 1910, chimawafika pamtima.

Dr Hastings Kamuzu Banda, atamaliza maphunziro a udokotala ku America, anadzaphunziranso ku Edinburgh ndipo mu 1941 anapeza ziyeneretso zogwirira ntchitoyo ku Britain. Mu 2005 Jack McConnell, yemwe ankatsogolera boma la Scotland, ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika anasainirana pangano la mgwirizano wa mayiko awiriwa.

Gawo limeneli likhale la mphindi 5 kapena 6, cha kumapeto. Mukaliika koyambirira, mafunso ndi ndemanga za mbiri ya mpingo zimameza nthawi yonse, mzinda weniweniwo osauona.

Ndi zolakwika ziti zimene okamba nkhaniyi amachita kawirikawiri?

Livingstone sanabadwire ku Edinburgh ndipo sanaphunzire kumeneko. Anabadwira ku Blantyre, pafupi ndi Glasgow, mu 1813, ndipo za udokotala anaphunzira ku Glasgow ndi ku London. Msewu uja ndi Princes Street, wa ana aamuna a mfumu, osati Princess. Mwala wa Stone of Destiny, wolongerapo mafumu, womwe unabwezedwa ku Scotland kuchokera ku England mu 1996, sulinso kulinga: unasamutsidwira ku Perth mu 2024, choncho mabuku ndi zithunzi zakale zingakusokeretseni. Scotland si chigawo cha England. Mayiko awiriwa anakhala ndi mfumu imodzi kuyambira 1603 ndipo anaphatikiza nyumba zawo za malamulo mu 1707. Zipilala 12 za pa Calton Hill si bwinja la nyumba yakugwa, ndi chikumbutso chomwe chinalekedwa chosatha mu 1829 ndalama zitatha.

Katchulidwenso. Eni ake amati "Edinbara", mawu omaliza akumveka mopepuka. Yeserani mokweza kunyumba mayina onse amene mudzatchule.

Ndikupita kukajambula ndekha. Ndipite liti, ndikaime pati?

Mzindawu uli kumpoto kwambiri, moti kutalika kwa tsiku kumasintha modabwitsa. Mu June dzuwa limatuluka cha m'ma 4:30 m'mawa n'kulowa cha m'ma 10 koloko usiku. Mu December limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko ndipo pofika 4 koloko madzulo kwada kale. Wopita nthawi yozizira akonzeretu kuti ali ndi maola ochepa okha a kuwala.

August ndi mwezi wa zikondwerero: International Festival ndi Fringe, zomwe zinayamba mu 1947, komanso Military Tattoo, chionetsero cha magulu oimba a asilikali. Walira mvula walira matope. Mudzapeza zisudzo ndi oimba mumsewu, koma Royal Mile imadzaza moti nyumba sizijambulika, malo ogona amakwera mtengo, ndipo mipando yachitsulo ya Tattoo imatchinga bwalo la kutsogolo kwa linga kwa miyezi ingapo. Wofuna zithunzi za nyumba asankhe May kapena kumapeto kwa September, ndipo adzuke m'mamawa misewu isanadzaze.

Malo anayi sakhumudwitsa. Pa Calton Hill madzulo, mzinda wonse ndi linga zimalowa m'chithunzi chimodzi. Pamasitepe a Vennel, pamwamba pa bwalo la Grassmarket, linga limaoneka litakhala pathanthwe ndipo chidutswa cha Flodden Wall chili pafupi pomwepo. Pakhonde la pamwamba pa Victoria Street mumaona msewu wokhota wa mashopu amitundumitundu. Pamatanthwe a Salisbury Crags, pambali pa Arthur's Seat, ndi pomwe mchira uja umaoneka bwino. Chifunga chochokera kunyanja, chomwe eni ake amati haar, chikhoza kuphimba zonse mwadzidzidzi ngakhale kunacha bwino. Likatero tsiku, lowani m'tinjira mukajambule zapafupi, kapena mu National Museum of Scotland pa Chambers Street, momwe kulowa n'kwaulere.

Vuto lalikulu pojambula ndi lakuti miyala ya nyumbazi ndi yakuda pomwe thambo ndi loyera. Foni imayeza kuwala kwa thambo, nyumba n'kutuluka bii. Dinani pa sikirini pamene pali khoma kuti foni iyeze pamenepo, ndipo chepetsani thambo m'chithunzi. Foni muigoneke chopingasa, chifukwa chithunzi choimirira chimangodzaza gawo limodzi mwa atatu a khoma.

Sindinafikeko. Ndingakambe nkhaniyi ndi zithunzi za anthu ena?

N'zotheka, bola munene poyera kumayambiriro kuti zithunzi si zanu. Pa tsamba la pa intaneti la Wikimedia Commons pali zithunzi zambiri zololedwa kugwiritsa ntchito, koma chilichonse chili ndi malamulo ake, ndipo ambiri amafuna kuti dzina la wojambula lilembedwe. Lilembeni ndi zilembo zing'onozing'ono pakona. National Library of Scotland inaika mapu akale pa intaneti, kuphatikizapo a James Gordon a mu 1647 omwe amaonetsa bwino minga ya nsomba ija. Musatenge zithunzi zing'onozing'ono zongokopera pa tsamba lofufuzira: pafoni zimaoneka bwino, pakhoma zimasanduka timabokosi.

Pulojekita ndi chipinda ndizikonze bwanji?

Chepetsani chithunzi chilichonse chikhale 1920 m'lifupi ndi 1080 msinkhu. Kupitirira apo mapulojekita ambiri sawonjezera kanthu, fayilo imangolemera ndipo laputopu yakale imachedwa kusintha tsamba. Funsiranitu ngati pulojekitayo imaonetsa 16:9 kapena 4:3; mukalakwitsa, nsanja zimaoneka zonenepa kapena m'mbali mumadulika. Zithunzi zamdima, monga za m'tinjira, ziwalitseni pang'ono kuposa mmene zikukomera pa laputopu, popeza pulojekita imameza mbali zakuda.

Pulojekita ya malumeni 3,000 (muyeso wa kuwala kwake) imakwanira chipinda cha anthu 50 ngati mawindo ali ndi makatani. Mawindo ofunika kutchinga koposa ndi oyandikana ndi khoma loonetserapo. Kumbuyo kusiyeni kowala pang'ono kuti anthu asagone. Khoma likakhala la mtundu wachikasu kapena wobiriwira, kokani nsalu yoyera yosita bwino, muimange ngodya zonse zinayi. Mzere womaliza wa mipando usatalikire kupitirira kasanu ndi kamodzi msinkhu wa chithunzicho: ngati chithunzi n'chotalika mamita 1.5, womaliza akhale pa mamita 9. Pansi pa chithunzi pakhale pamwamba pa mitu ya okhala kutsogolo.

Mawu pa tsamba akhale ochepa, dzina la malo ndi chaka basi, zilembo za saizi 28 kapena kuposa. Nyamulani chingwe chanu cha HDMI ndi cholumikizira cha VGA, chifukwa mapulojekita akale alibe polowetsa HDMI. Khoma likakana kuonetsa, pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate. Fikani ola lathunthu nthawi isanakwane, mudutse zithunzi zonse, ndipo mukakhale kumpando wakumbuyo muone zimene womaliza adzaone. Poyankhula imani pambali, nkhope kwa anthu, laputopu ili patsogolo panu kuti musamatembenukire kukhoma.

Magetsi akathima pakati pa nkhani?

Konzekerani ngati adzathimadi. Sungani zonse ngati PDF pa fulashi ndi pafoni. Sindikizani zithunzi 8 zikuluzikulu zija papepala la A3, zoti n'kuyendetsa m'manja mwa anthu. Phunzirani kujambula mapu a thanthwe, mchira ndi misewu itatu ya New Town pabolodi m'mphindi imodzi.

Pulojekita ya babu imadya mawati apakati pa 250 ndi 300, choncho invetala yaing'ono siingaipirire nthawi yaitali. Ikazima mwadzidzidzi fani yake imaima babu lili lotentha, ndipo kuiyatsa pompo kumafupikitsa moyo wa babulo. Dikirani mphindi zingapo lizizire, inu mukupitiriza ndi mapepala aja. Mukamagwiritsa ntchito jenereta, iikeni patali ndi mawindo ndipo muyese zokuzira mawu ili ikulira.

Omvera adzafunsa zotani pamapeto?

Kawirikawiri ndi za ndalama, chitupa ndi nyengo. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza yolowera ku United Kingdom. Mitengo ya viza, ndege ndi matikiti olowera kulinga imasinthasintha, ndiye atumizeni ku masamba a boma la UK ndi a malowo m'malo motchula nambala ya chaka chatha. Za mayendedwe mungayankhe molimba mtima: sitima ya mumsewu, yomwe inayamba mu 2014, imachoka pabwalo la ndege kufika pa Princes Street, ndipo malo onse a m'nkhani yanu munthu amawayenda wapansi masiku awiri, atavala nsapato zogwira bwino pamiyala yonyowa ndi jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Wofuna kukaona kwawo kwa Livingstone akwere sitima ya ku Glasgow, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, kenako ina yaifupi yokafika ku Blantyre m'mbali mwa mtsinje wa Clyde.